Mayi Likhucha ndi mayina amene sanafike ku Boma

Mayi Likhucha tinawaika m'manda kwawo ku Chiringa mwezi wa Juni, chiperoni chikuwomba mochita kulowa m'mafupa. Anthu analankhula zambiri pamaliropo. Akumpingo anati malemu anali mayi wa mtendere, ndipo ine ndinangoyang'ana pansi. Mayi amenewo ndinakhala nawo chipinda chimodzi cha ofesi zaka zinayi, mtenderewo sindinauone kwenikweni. Anali amakani, osachedwa kukalipa, okonda kufunsa funso limodzimodzi katatu mpaka munthu utuluke thukuta. Koma mukati nditchule munthu amene anandiphunzitsa ntchito imene ndikudyera lero, palibenso wina.

Ine ndine Tamanda. Ndimagwira ntchito ya makompyuta ku gulu lina la alimi, ofesi yake ili pa Boma kuseri kwa msika: zipinda ziwiri ndi nyumba yamalata yosungira matumba. Chaka chilichonse mvula isanagwe timalemba mayina a mamembala ofuna mbewu, ndipo lole imapakira mbewuyo motsatira mndandanda umenewo. Dzina lako likasowa pamndandanda, thumba lako silikwera lole. Nkhani yake ndi yomweyo basi.

Tsiku langa loyamba ndinalowa mu ofesi satifiketi yanga ya ku Blantyre ili m'chikwama, mapewa ali m'mwamba. Ndinapeza mayi wachikulire atavala chitenje ndi juzi yobiriwira, atakhala pa kompyuta. Ndinaganiza kuti ndi mlimi wodikira thandizo.

"Agogo, eni ake a kompyutayi apita kuti?" ndinafunsa.

Sanatembenuke n'komwe. "Agogo ako ali kwanu. Khala pansi, undiwerengere zimene zalembedwa apazi, maso andivuta."

Ndinayang'ana pa sikilini, abale inu, inali pulogalamu, mizere yoposa imene ndinalembapo ine sukulu yonse. Ndi mayi amenewo amene analemba tsamba lonse la pa intaneti la gulu lathu, lija alembi a m'midzi amatsegula pa bulawuza ya foni n'kulembapo mayina.

Mbiri yawo ankainena pang'onopang'ono, akafuna okha. Ali mtsikana ankagwira ntchito yolumikiza mafoni ku Limbe, nthawi ija woyimba ankayamba wadzera kwa munthu wokhala ndi mawaya m'manja. Makina atalanda ntchito imeneyo anawasamutsira ku ofesi yotayipa. Amuna a mu ofesiyo ankatumizidwa ku maphunziro a kompyuta, akabwerako mabuku ankangowasiya m'kabati. Mayi ankawatenga mabukuwo limodzilimodzi, kukulunga m'chitenje, kukawerengera kunyumba. Ankati palibe anawaletsa chifukwa palibe anaganiza kuti mkazi wa Chilomwe wotayipa makalata angamve zimene zinali m'menemo. Akamanena zimenezi ankaseka mpaka kutsokomola.

Kagwiridwe kawo ka ntchito kanali kakekake. Pulogalamu ankaisindikiza papepala, n'kuiwerenga monong'ona ngati kalata yochokera kwa m'bale, cholembera chofiira chili m'manja. Masana ankadya chinangwa chootcha, nthawi zina kalongonda wochokera kwa mng'ono wawo, ndipo munthu wodya pafupi ndi kompyuta ankamuthamangitsa, kupatula iwo eni. Chinthu chilichonse chimene chayesedwa mu ofesi sankachikhulupirira. Ankati pa Boma netiweki ndi yamphamvu, imabisa zolakwa za munthu. Ukamaliza kulemba chinthu ankakutuma ndi foni m'nyumba ya matumba ija, kuseri kwenikweni komwe netiweki imachita kufa ndi kudzuka, ukayesere kumeneko uli tsonga pa thumba la nandolo. Ndinkadana nazo zimenezi. Munali fumbi, munali makoswe.

Ndiye funso lawo lija. Ukawauza kuti uthenga wapita, kaya ndi kalata, kaya ndi dzina pa kompyuta, ankafunsa kuti wayankha ndani. Ukati mwatumiza ndithu, ankabwereza funsolo. Ukakwiya, ankalibwerezanso kachitatu, mawu ali pansipansi. Kwa iwo chinthu chimene chatumizidwa koma osamva yankho lake chinali chikadali m'njira, ngakhale patapita sabata.

Amene ankakangana nawo kwambiri anali che Jafali, wapampando wa gulu lathu, mwini golosale ku Chiringa. Anakulira midzi yoyandikana, ndiye ankanyozana mosaopana. Che Jafali akatsegula zenera, Mayi ankatseka. Che Jafali akati zonsezi bola mapepala, Mayi ankawakumbutsa chaka chimene mbuzi inadya kaundula wa mudzi wathunthu pakhonde pawo pomwe. Koma Lachisanu lililonse nthawi ya ku mzikiti ikayandikira, Mayi ndi amene ankaimitsa msonkhano, ati wapampando asachedwe kokapemphera. Ndipo Mayi atayamba kudwala miyendo, che Jafali ndi amene ankalipira kabaza wowatenga pa siteji, n'kumuuza kuti asaulule.

Ulendo wanga womaliza kukawaona kunyumba, mwezi wa Meyi, ndinawatengera buledi ndi shuga. Anandikalipira kuti ndabwera ndi zakudya ngati iwo ndi mwana, osabwera ndi mapepala a pulogalamu. Tsiku limenelo ndinafuna kuwathokoza chifukwa cha zimene anandichitira nyengo ya mbewu yapitayo, koma ndinalephera, ndinangowasisita miyendo. Zimene ndinalephera kunena tsiku lija ndi zimene ndikulemba panozi.

Kuti mumvetse bwino, ndiyambe ndi tsamba lathu lakale. Mlembi akalemba dzina la mlimi n'kudina batani, tsamba limatumiza dzinalo ku seva, kompyuta yakutali imene imasunga mndandanda wonse. Kutumizako kuli njira ziwiri. Yoyamba, imene mabuku amati sinkironasi, tsamba limatumiza dzina kenako limauma gwa, kudikira yankho. Sungalembe kanthu, sungakwere kapena kutsika, batani lililonse limakhala lakufa mpaka seva itayankha. Yachiwiri, asinkironasi, tsamba limatumiza dzina n'kupitiriza kugwira ntchito, ndipo yankho likafika pamakhala kachigawo ka pulogalamu kamene unakonzeratu kuti kalilandire.

Tsamba la Mayi linali la njira yoyamba. Pa Boma linkayenda bwino. Koma kumidzi, mayo ine! Mlembi ankadina batani, foni n'kuuma, mzere wa anthu uli padzuwa. Mphindi zitatu, zisanu, foni ili duu. Kenako bulawuza inkafunsa ngati akufuna kutseka tsambalo, mlembi n'kutseka, n'kuyambiranso, mwina dzina lomwelo n'kulowa kawiri. Anthu ankafika m'mawa n'kuchoka dzuwa litapendeka, minda ili yokha. Mayi sankabisa. Ankati tsambalo analemba ndi iwo, ndipo ndi loipa, analilemba nthawi imene sankadziwa njira ina.

Tsiku lina ndinawafunsa kusiyana kwenikweni kwa njira ziwirizi, poti za m'buku ndinkaziloweza koma sizinkakhazikika m'mutu. Anaika chinangwa pansi.

"Pamudzi pakagwa maliro, mumatuma munthu kwa malume a malemu," anatero. "Kodi mudzi wonse umakhala pansi manja lende kudikira wotumidwayo?"

"Ayi, Mayi."

"Ena amatema nkhuni, ena amatunga madzi. Ntchito imayenda. Koma manda simuyamba kukumba mawu a malume asanabwere. Tsamba langali limakhazika mudzi wonse pansi. Lako lidzalole anthu kutema nkhuni, koma lisadzakumbe manda."

Ndinagwedeza mutu ngati ndamva. Zoona zake n'zakuti ndinamva za nkhuni zokha.

Chaka chatha, kutatsala sabata imodzi kuti kalembera ayambe, Mayi anagonekedwa m'chipatala, miyendo itatupa. Ine ndinati mpata ndi uno, ndiwakonzere tsamba, akatuluka apeze zinthu zikuuluka. Mu pulogalamu yawo munali mizere itatu yotsatizana: tumiza dzina, onetsa mawu akuti "Zalembedwa", fufuta fomu kuti alembe wina. Ndinasintha mzere woyamba wokha, kuuchotsa pa sinkironasi kuuika pa asinkironasi. Ndinayesa pa desiki panga, zinayenda ngati madzi. M'nyumba ya matumba sindinapite. Kiyi anali ndi che Jafali, ndipo ndinachita ulesi kukawapempha.

Lolemba ndi Lachiwiri alembi anagwira ntchito. Mlembi wathu wa ku Kaduya, a Mulepa, mphunzitsi wopuma, anachita kundiimbira foni kundiyamikira. Anati anthu onse analembedwa dzuwa lisanafike pamutu. Ndinayenda pamsika tsiku limenelo ngati mwini Boma.

Lachitatu m'mawa tinatumiza mndandanda wosindikiza kumidzi kuti ukamatidwe. Masana kunafika mayi wina pa ofesi, fumbi mpaka m'maondo, mpango uli m'manja. Anali a Felesiya a ku Kaduya, mayi wamasiye wa ana anayi. Anagwada pakhomo.

"Dzina langa palibe, bambo," anauza che Jafali. "Mwana wanga wawerenga kawiri. Koma ndinalembetsa. A Mulepa anandionetsa foni, anati zalembedwa. Mbewu ya chaka chatha inapita ndi madzi, m'nyumba mulibe ngakhale ya m'kapu. Ndipo si ine ndekha."

Che Jafali anapukusa mutu. Anati kompyuta sinama, ngati dzina palibe ndiye kuti wina sanalilembe. Kenako anayamba kung'ung'udza kuti a Mulepa mwina achotsa anthu ena kuti mbewu ichulukire abale awo. Mawu amenewo anamveka mpaka panja, pomwe panali anthu.

Mayi Likhucha anali atatuluka m'chipatala dzulo lake, ndipo tsiku limenelo anabwera ndi ndodo, ati angosuzumira. Anawapatsa moni a Felesiya m'Chilomwe, anawakhazika pa mpando, kenako anandikodola. Tinalowa m'chipinda chathu, anatseka chitseko.

"Sindikiza zimene wasintha."

Ndinasindikiza. Sanawerenge nthawi yaitali. Anazunguliza mzere wachiwiri uja ndi cholembera chofiira, n'kundiyang'ana.

"Apa tsamba likunena kuti zalembedwa. Wayankha ndani?"

Ndinayang'ana papepalapo. Mu tsamba lakale mzere umenewo sunkafikidwa seva isanayankhe, ndiye unkanena zoona. Mu tsamba langa unkafikidwa nthawi yomweyo, dzina likadali m'njira. Netiweki ikaduka, dzinalo linkafera panjira, foni itanena kale kuti zalembedwa, fomu itafufutidwa kale. Ku seva kunalibe, m'foni munalibe. A Mulepa sanabe kanthu. Wabodza ndinali ine, ndipo bodzalo ndinaliika m'manja mwa mkulu wosalakwa kuti azionetsa anthu.

"Mayi, tingonena kuti ndi netiweki," ndinatero, misozi ili m'maso. "Si bodza, netiweki inadukadi."

"Netiweki ya ku Kaduya ndi yofooka, inde, ndipo iwe unkadziwa. Panjapa munthu akutchedwa wakuba. Ukawauze wekha."

"Andichotsa ntchito."

"Mwina. Tiye."

Sindidzaiwala kuti sanandikankhe kutsogolo n'kutsalira. Anatuluka nane, anaima pambali panga atatsamira ndodo, phewa lawo likukhudza langa. Ndinafotokoza zonse. Che Jafali anapsa mtima zenizeni. Anati tibwezeretse tsamba lakale lero lomwe, lija linkauma, poti likasungunuka munthu unkadziwa kuti dzina lafika. Anatinso mtsikana ameneyu alongedze.

"Che Jafali, inu simunaimepo pamzere," Mayi anawayankha. "Tsamba louma lija munkalikonda chifukwa munkaliona muli pamthunzi. Kuuma si kunena zoona. Tsamba likhoza kuyenda n'kumanenabe zoona, ndi zimene tikonze mawa. Za mwanayu, mlandu wina ndi wanga. Ndinkanyoza tsamba langa tsiku ndi tsiku iye akumva, ndiye anafulumira kundichotsera manyazi. Mukamuchotsa, phunziro limene tagula ndi misozi ya mayi awa apita nalo kwina, inu n'kulemba wina wodzalakwitsa chomwechi mwatsopano."

Che Jafali anasisita ndevu. Kenako anati za ntchito yanga tidzaona, koma mndandanda akuutumiza kwa eni lole Lachisanu asanapite ku mzikiti, ndipo tsiku limenelo sangalisunthe, mitambo yayamba kale kusonkhana pa phiri la Michesi. Dzina limene silidzakhalapo nthawi imeneyo ndiye kuti latsala.

"Chabwino," Mayi anatero. "Koma a Mulepa muwapepese. Mawu aja anatuluka panja."

Anawapepesadi, pa foni, ife tikumva.

Lachinayi lonse tinali pa ntchito. Mayi sanakhudze kompyuta ngakhale kamodzi. Anakhala pambali, miyendo ili pa katoni, akufunsa mafunso. Dzina likatumizidwa, lizikhala kuti podikira? Ndinakonza kuti lizisungidwa m'foni momwemo mpaka seva itavomera. Mlembi adziwa bwanji kuti silinafike? Ndinakonza kuti dzina lililonse lizioneka m'munsi mwa tsamba, lachikasu likamadikira, lobiriwira seva ikayankha, lofiira ikakana. Mawu aja akuti "Zalembedwa" ndinawachotsa pamene anali, kuwaika m'kachigawo kolandira yankho. Nanga seva ikalandira dzina koma yankho lake n'kufera panjira, foni n'kutumizanso? Apo ndinagwira njakata. Anandisiya ndivutike mpaka tiyi wawo anazizira, kenako anandifunsa kuti kuchipatala amasiyanitsa bwanji anthu awiri a dzina limodzi. Ndinapatsa dzina lililonse nambala yakeyake, kuti seva ikaiona kachiwiri izingovomera osalembanso. Masana ndinakapempha kiyi kwa che Jafali, ndinakhala pa thumba la nandolo mpaka ndinayetsemula kakhumi.

Komabe mayina otayika aja kompyuta sikanatha kutibwezera. Panalibe pomwe analembedwa. Midzi ina alembi anatiuza kuti mayina onse alipo, vuto linali ku Kaduya kokha, ndipo njira inali imodzi: kupita komweko. Ndinawauza Mayi kuti atsale, ndipita ndekha. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana.

Lachisanu m'mamawa tinakwera makabaza awiri. Ndinali kumbuyo, ndinkaona miyendo yawo yotupa ikulendewera, wakabaza akagunda mwala iwo ankaluma mlomo osadandaula. A Mulepa anali atamema anthu pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi tchalitchi. Mayi anakhala pa benchi, anandipatsa pepala.

"Werenga mokweza. Amene wamva dzina lake azipita kumunda."

Ndinawerenga. Anthu ankachoka mmodzimmodzi. Nditafika kumapeto ndinakweza maso, panatsala anthu makumi awiri ndi atatu, onse akundiyang'ana. Kufikira nthawi imeneyo cholakwa changa chinali mzere papepala. Apa chinali ndi nkhope, ena ana ali kumsana. Ndinapepesa, ndinanena kuti cholakwa chinali changa, osati cha a Mulepa. Bambo wina anati, "Tamva, lembani msanga, dzuwa likukwera."

A Mulepa anayamba kulemba. Tsamba silinaume, ankalemba wina pambuyo pa wina. Koma mayina onse ankakhala achikasu, netiweki kunalibiretu m'mawa umenewo. Mtima wanga unali m'mwamba. Munthu aliyense akalembedwa, Mayi ankamuitana n'kumuuza yekha kuti dzina lake lili m'foni muno, ku Boma silinafike, likafika a Mulepa adzamuuza. Ine ndinawanong'oneza kuti mwina tisawadetse nkhawa anthu. Anandiyankha mokweza, aliyense akumva, kuti anthuwa si ana, nkhawa yoona amaidziwa kuinyamula, imene inawapweteka ndi chitonthozo chabodza.

Titamaliza, a Mulepa anati kuseri kwa dambo kuli chulu chachikulu, anthu amakaimbira foni pamenepo. Mayi sakanatha kuyenda mtunda umenewo. Anandipatsa foni ya a Mulepa, anati ndithamange. Anthu ena anabalalika, koma a Felesiya anamanga chitenje n'kunditsatira.

"Mayi, dikirani pompano, ndibwera kudzakuuzani," ndinatero.

"Ndinauzidwapo kale, mwanawe. Lero ndikaone ndekha."

Tinawoloka dambo, tinakwera chulu, ine kutsogolo iwo pambuyo. Ndinakweza foni m'mwamba. Palibe chinachitika. Dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamutu, ndipo ndinkadziwa kuti che Jafali ayamba posachedwa kusamba m'manja ndi m'mapazi pokonzekera ku mzikiti. Ndinatembenukira uku, ndinatembenukira uko, mkono unayamba kuwawa. Kenako dzina lapamwamba linasanduka lobiriwira. Lachiwiri. Kenako zinaima kaye. Lachitatu. A Felesiya sadziwa kuwerenga, ndiye ndinawalozera lawo ndi chala, linali lachisanu ndi chinayi. Analiyang'anitsitsa osaphethira. Litasintha anandigwira mkono mwamphamvu.

Onse atabiriwira ndinafuna kutsika, koma ndinaimbira kaye che Jafali, n'kuwapempha kuti atsegule mndandanda pa kompyuta ya mu ofesi andiwerengere mayina atsopanowo. Anadandaula kuti akuchedwa, koma anawerenga onse. Ndinakweza mawu a foni. Pamwamba pa chulu paja a Felesiya anamva dzina lawo likutchulidwa kuchokera ku Boma, ndipo anakhala pansi pomwepo n'kuphimba nkhope ndi mpango.

Pobwerera ndinkayembekeza kuti Mayi anena kanthu kabwino. Tinafika pa Boma, anatsika pa kabaza movutikira, n'kundiuza kuti chikasu changa n'chotuwa kwambiri, padzuwa sichioneka, Lolemba ndichikonze. Za kundichotsa ntchito che Jafali sanazitchulenso. Lole inapita ku Kaduya ndi matumba okwanira, ndipo mvula inagwa sabata yotsatira.

Ndimawathokoza mayi amenewo, ndikunena mosabisa. Akanatha kukonza pulogalamu ija okha m'mphindi khumi n'kundisiya ndili mbuli. Akanathanso kundibisa, a Mulepa n'kutsala ndi dzina la wakuba. Sanachite zonse ziwirizo, ndipo zinawatengera ulendo wa pa kabaza umene unawagoneka sabata yathunthu.

Atamwalira, ine ndi amene ndinapatsidwa ntchito yodziwitsa alembi onse kuti auze mamembala. Ndinalemba uthenga pa foni, ndinatumiza, ndinathamangira ku Chiringa kukathandiza pa siwa. Ku maliro anthu a ku Kaduya sindinawaone, koma m'chipwirikiti chija sindinaganizepo kanthu.

Sabata yatha, m'mawa, ndinamva odi pakhomo la ofesi. Anali a Felesiya, atasenza lichero lokutidwa ndi nsalu. Anatula, anagwada, tinapatsana moni. Kenako anasuzumira m'chipinda chathu.

"Mayi aja sanafike lero?"

Apo ndinazindikira kuti za maliro sanamve. Ndinadzamva pambuyo pake kuti foni ya a Mulepa inagwera m'madzi mwezi wa Meyi, uthenga wanga sunawapeze. Miyezi iwiri yathunthu, ine osafunsa ngati unafika. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire, kuposa a tsiku la mzere wofiira lija, chifukwa ulendo uno ndinali nditaphunzitsidwa kale.

Ndinawakhazika pansi, ndinawauza. Analira mwakachetechete, nthawi yaitali. Atapukuta misozi anavundukula lichero, munali nandolo wa mbewu ija, wouma, woyera bwino, wopetedwa.

"Tsiku lija pansi pa mango, inu mutapita kukaitana makabaza, anandiuza kuti ndikadzakolola ndidzabwere ndidzawauze ngati mbewuyo inabereka," anatero. "Anati iwo sakhulupirira za kumva kwa ena. Ndiye ndabwera."

Anapempha kuti ndiwaonetse pamene ankakhala. Ndinawalowetsa. Desiki ya Mayi ili pakona, pansi pa kalendala ya chaka chatha imene palibe wachotsa. Kompyuta yawo tinaipereka kwa mlembi watsopano, pamene inkakhala panatsala chizindikiro cha makona anayi pomwe thabwa silinathe mtundu. Mpando ndi wapulasitiki, mwendo umodzi womangidwa ndi waya, ndipo alendo akabwera amaima kapena kukatenga benchi panja, ngakhale palibe anawaletsa kuukhalira. Che Jafali akalowa m'chipindamo amalankhula motsitsa mawu, nkhani akaimaliza amachedwa kutuluka, ngati akudikira wina woti awatsutse.

A Felesiya anaika lichero pa desikipo, pakati penipeni pa chizindikiro chija. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anagwada moyang'ana mpandowo, n'kuwomba m'manja kawiri mofatsa.

"Mayi, inabereka," anatero.

Nandoloyo akadali pomwepo. Palibe mwa ife amene walimba mtima kumutenga kukaphika.